Ku Bourgogne Botolo Limatchula Dzina la Munda

Msana wanga unayamba kudandaula tsiku lachiwiri. Mipesa ya ku Bourgogne ndi yaifupi, yolekeza m'chiuno, ndipo mphesa zake zimalendewera cha m'mawondo zitabisala m'masamba. Wothyola amayenda chowerama kapena chogwada, sizasi kumanja, ndowa patsogolo, kuyambira m'mawa mame asanaume. Ndowa ikadzaza umakuwira wonyamula, mnyamata wobereka dengu lalikulu kumsana, n'kukhuthuliramo. Ine ndinali pasukulu ku Dijon, ku France, m'thumba muli gwa, ndipo Seputembala kumeneko ndi mwezi wa ganyu. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanga kanali kakuthwadi, kanandicheka chala dzuwa lisanafike pamutu.

Banja limene linandilemba ganyuyo lili m'mudzi wina kummwera kwa tauni ya Beaune. Mwini munda sankayeza malo ake ndi mahekitala ayi. Ankanena za ouvrée, muyeso wakale wa masikweya mita 428, malo amene munthu mmodzi ankatha kulima ndi khasu tsiku limodzi. Atandifotokozera ndinaseka ndekha, chifukwa imeneyi ndi ndime basi, yomwe ija timadula kwathu tisanakambirane mtengo.

Koma phunziro lenileni ndinalipeza tsiku lachinayi. Nditamaliza mzere wanga ndinadumpha kanjira kakang'ono, koti wilibala n'kudutsa movutikira, n'kuyamba kuthyola tsidya linalo m'ndowa yomweyo. Mayi ake a mwini munda, gogo wa zaka zoposa 70 amene ankatidutsa tonse pothyola, anandigwira pamkono n'kulanda ndowa ija. Mphesa zake zinali zofanana, mtundu umodzi, mwini mmodzi. Koma kumtunda kwa kanjirako unali munda wina wa dzina lina, vinyo wake amakhala mumgolo wakewake, ndipo mtengo wake unali wowirikiza. Kusakaniza ziwirizo, kwa iwo, n'chimodzimodzi kuika ana a eni ake pa mndandanda wa banja lako.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya dera limeneli. Mukagula vinyo wa ku South Africa m'masitolo athu, pabotolo pamalembedwa mtundu wa mphesa: Pinotage, Merlot, Chenin Blanc. Ku Bourgogne dzina la mphesa nthawi zambiri silioneka n'komwe, chifukwa aliyense akudziwa kale kuti wofiira ndi Pinot Noir, woyera ndi Chardonnay. Chimene amalemba ndi malo: Meursault, Pommard, Gevrey-Chambertin, ndipo pansi pake dzina la mundawo. Minda ya mayinayi amaitcha climats, mawu amene pano sakunena za nyengo koma za kachigawo ka nthaka kokhala ndi malire ake ndi mbiri yake. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika minda yotere 1,247 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Yonseyi yandanda pa chitunda chimodzi chachitali, Côte d'Or, chochoka ku Dijon n'kutsetsereka kummwera makilomita pafupifupi 60, choyang'ana kotulukira dzuwa. M'lifupi mwake malo ena simukwana n'kilomita imodzi yomwe. Pamwamba nthaka ndi yopyapyala, ya miyala ya laimu yokhayokha, ndiponso kumazizira. Pansi, cha kumsewu, pali dothi lolemera losunga madzi. Pakatikati, pamene madzi amatsika bwino ndipo dzuwa la m'mawa limayamba kufika, ndi pamene pali minda yolemekezeka imene amaitcha grand cru. Mayina otere ndi 33 okha m'dera lonse, ndipo vinyo wake sakwana mabotolo awiri pa 100 alionse.

Amene anayamba kulondoloza kusiyana kumeneku mwachidwi ndi amonke. Nyumba ya amonke ya Cîteaux inakhazikitsidwa mu 1098, ndipo anthu amenewa anali ndi zinthu ziwiri zimene mlimi wamba analibe, nthawi ndi cholembera. Anamanga mipanda ya miyala kuzungulira minda yawo, ndipo waukulu kwambiri, Clos de Vougeot, wa mahekitala 50, ulipobe. Olamulira nawo analowererapo. Mu 1395 Philippe le Hardi, wolamulira wa Bourgogne, analamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe, nazitcha mbewu yoipa ndi yosakhulupirika. Mlandu wake unali wobereka kwambiri. Lero Gamay ali pamtendere kummwera, ku Beaujolais.

Kuukira boma kwa mu 1789 kunalanda minda ya mpingo n'kuigulitsa, kenako lamulo la Napoléon la mu 1804 linati ana onse azigawana chuma cha makolo mofanana. Aliyense amene anaonapo munda wa agogo ukudulidwa mizere pakati pa adzukulu akudziwa chimene chinatsatira. Clos de Vougeot lero ili ndi eni ake pafupifupi 80. Pali alimi amene m'munda wotchuka ali ndi mizere inayi yokha, ndipo amaidziwa ngati zala zawo.

Koma tisiye za malire, tipite kukadya, chifukwa ganyu wa mphesa amakoma ndi chakudya. Cha m'ma 9 koloko galimoto inkabwera ndi buledi, soseji youma, tchizi, khofi ndi vinyo woyera pang'ono. Masana tinkabwerera kunyumba n'kukhala pa tebulo lalitali m'chishedi, anthu makumi atatu, ophunzira, achibale a ku Lyon, anyamata a ku Poland ndi ku Spain. Gogo uja ndiye ankalamulira mapoto.

Ndiwo yotchuka ya kumeneko, bœuf bourguignon, si ya anthu olemera monga momwe malo odyera a m'mizinda amaionetsera. Ndi nyama yolimba ya ng'ombe, kawirikawiri ng'ombe zoyera za mtundu wa Charolais, imene sungaiotche. Amaikazinga pang'ono ndi tinyama ta nkhumba tamafuta, n'kuthiramo botolo lathunthu la vinyo wofiira, anyezi, karoti ndi bowa, n'kuisiya pa moto wochepa maola atatu kapena kupitirira. Ukali wa mowa umathawa ndi nthunzi, kumatsala msuzi wakuda wogwira supuni. Tambala wokalamba amamuchita chimodzimodzi, ndiye coq au vin ameneyo. Lamulo la gogo linali lakuti mumphika mulowe vinyo wamba, koma woti munthu angathe kumwa, ndipo patebulo pabwere mkulu wake wa m'mudzi womwewo.

Chimene chinandigonjetsa ine ndi œufs en meurette. Ndi mazira oswera m'madzi owira, chikasu chake chikadali chamadzi, oikidwa pa buledi wokazinga wopakidwa adyo, n'kuwathira msuzi wa vinyo wofiira uja. Poyamba ndinaona ngati wina wagwetsera dzira m'matope. Koma ukaboola pakati, chikasu n'kusakanikirana ndi msuzi, umafuna buledi wina wopukutira mbale. Pinot Noir amayenda nacho bwino chakudya chotere chifukwa ndi vinyo wopepuka, wowawasira pang'ono, wosamanga kwambiri m'kamwa. Kumanga kumene ndikunena ndi kuja mumamva mukamwa tiyi wochuluka masamba wopanda mkaka. Kumachokera ku makungu ndi njere za mphesa, ndipo Pinot Noir ali ndi khungu lopyapyala.

Nkhono zinanditengera masiku. Kwathu nkhono timaichotsa pakhonde ndi kamtengo, ndiye kuiona m'mbale, khumi ndi ziwiri, iliyonse m'chigoba chake, batala wa adyo ndi parsley akubwadamuka, mtima unakana. Nditalimba mtima ndinapeza kuti nkhonoyo payokha ilibe nkhani, ili ngati nthutumba yofewa. Nkhani ili pa batala. N'chifukwa chake pano amatulutsa vinyo woyera wowawasa, amene amatsuka mafuta m'kamwa kuti nkhono yachiwiri ikome ngati yoyamba. Zambiri mwa nkhono zimene amadya lero zimachokera kummawa kwa Ulaya, pakuti za m'tchire la France zinachepa, ndipo kuyambira 1979 n'zoletsedwa kutola kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Juni, nyengo imene zimaswana. Zimadyedwa kwambiri pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano. Pa Isitala mwambo ndi jambon persillé, nyama ya nkhumba yophika mu vinyo woyera n'kuiumba ndi parsley, yodyedwa yozizira.

Mphesa yachitatu, Aligoté, ndi mwana wamasiye wa m'derali, wodzalidwa kumene Chardonnay wakana. Kale vinyo wake ankawawasa mpaka kutsinzinitsa, choncho ankamuthira madzi otsekemera a tizipatso takuda totchedwa cassis. Chakumwachi chinatenga dzina la wansembe Félix Kir, amene anali meya wa Dijon kuyambira 1945 mpaka imfa yake mu 1968 ndipo ankachipereka kwa alendo a mzindawo. Lero mukati kir paliponse mu France akumvani. Chimabwera ndi gougères, timabanzi ta mphepo m'kati tonunkhira tchizi.

Tchizi cha Époisses ndiye sindikudziwa ndikuuzeni bwanji. Amachisambitsa kunja ndi marc, kachasu wawo wotcheza kuchokera ku zotsalira za mphesa, mpaka chimasanduka chofiirira ndi chonanda. Fungo lake limalowa m'nyumba mwini wake akadali pakhomo. Patebulo lathu chinkabutsa mkangano tsiku lililonse, ena akuti chimafuna wofiira, mwini munda akuti chimapha wofiira wabwino ndipo woyera ndiye amalimbana nacho. Ine ndili kumbali ya mwini munda.

Ndiyeno kambuzi. Ndinali ndi kabotolo kanga kochokera kumudzi, ndipo tsiku lina ndinakatulutsa n'kudontheza pa nyama ya ng'ombe ija. Anzanga awiri anapempha nawo. Tsoka ilo, linali tsiku limene mwini munda anatsegula vinyo wa zaka khumi wa m'munda wa kumtunda kwa kanjira kaja. Nditamwa sindinamve kalikonse koma moto ndi kuwawa. Tsabola amakuza ukali wa mowa, ndipo fungo lofatsa la Pinot Noir, limene iwo amaliyerekeza ndi matcheri ndi masamba onyowa a m'nkhalango, limathawiratu. Bamboyo sanakalipe. Anangosuntha botolo lija n'kuliika kutali ndi ife atatu, n'kutipatsa la wamba. Mpaka lero ndimati chilangocho chinali choyenera, ngakhale kambuzi sindinamusiye.

Ndisakunamizeni kuti Afalansa ndi angelo pa mowa. Mpaka 1956 ana osakwana zaka 14 ankatha kupatsidwa vinyo pa chakudya cha kusukulu, ndipo boma linachita kuletsa. M'zaka za m'ma 1960 munthu mmodzi ankamwa malita oposa 100 pachaka. Lero chiwerengerocho chatsika kupitirira theka, ndipo lamulo la Évin la mu 1991 linamanga manja otsatsa mowa. Chimene ndinaona m'nyumba imene ija n'chakuti vinyo sankabwera yekha, ankabwera ndi mbale. Ndipo kuchipinda cha pansi, kumene migolo imagona mumdima, wolawa samameza. Amazunguza m'kamwa n'kulavula, wotsala m'tambula n'kumubwezera mumgolo. Ine tsiku loyamba ndinameza matambula asanu ndi limodzi chifukwa cha ulemu, ndipo masitepe okwerera kunja anandichulukira.

Tsiku lomaliza kukolola, thirakitala yonyamula mphesa zotsiriza amaikongoletsa ndi maluwa ndi nthambi za mpesa, n'kuzungulira mudzi malipenga a galimoto ali pii pii. Usiku mwini munda amaphikira antchito ake onse phwando lotchedwa paulée. Pali kanyimbo kopanda mawu enieni kamene amaimba manja ali m'mwamba akuwapotokola ngati akumasula mababu, kenako n'kuomba m'manja, kamene amakatcha ban bourguignon. Kamaimbidwa pothokoza wophika, wolankhula, kapena aliyense amene watsegula botolo labwino.

Chikondwerero chachikulu chimadza vinyo atalowa m'migolo, kumapeto kwa sabata yachitatu ya Novembala, masiku atatu otchedwa Les Trois Glorieuses. Loweruka kuli mgonero ku nyumba yakale ya amonke ya Clos de Vougeot. Ochititsa ndi gulu la Confrérie des Chevaliers du Tastevin, anthu ovala mikanjo yofiira ndi yachikasu ngati akuluakulu a yunivesite, kambale ka siliva kali lende pakhosi. Kambaleko, tastevin, kali ndi timaenje ndi timizere tonyezimira toonetsa mtundu wa vinyo pa kuwala kwa kandulo. Mukawaona mungati mwambowu ndi wa zaka chikwi, koma unayamba mu 1934 ku Nuits-Saint-Georges, chuma cha dziko chitagwa ndipo migolo ili yodzaza popanda wogula. Anaganiza zoitana anthu kudzadya ndi kumwa kuti mbiri imveke. Kunali kutsatsa malonda, ndipo kunagwira.

Lamulungu ndi tsiku la okushoni ya chipatala. Mu 1443 Nicolas Rolin, nduna yaikulu ya wolamulira wa Bourgogne, ndi mkazi wake Guigone de Salins anamanga Hôtel-Dieu ku Beaune kuti ikhale chipatala cha amphawi. Nyumbayo ilipo, denga lake la matailosi onyezimira achikasu, obiriwira ndi ofiirira, ndipo m'holo yaikulu mabedi a makatani ofiira andanda mbali zonse ziwiri. Odwala anagonamo mpaka 1971. Kuyambira 1457 anthu akhala akusiyira chipatalachi minda ya mphesa, ndipo lero chili ndi mahekitala pafupifupi 60. Pafupifupi chaka chilichonse, kuchokera mu 1859, vinyo wa chaka chomwecho amagulitsidwa pa okushoni akadali mumgolo. Mgolo umodzi, pièce, ndi malita 228, pafupifupi mabotolo 300. Ndalama zimapita ku chipatala chatsopano ndi nyumba zosungira okalamba. Mgolo umodzi wapadera amaugulitsa kuti athandize mabungwe ena achifundo, ndipo mu 2022 unagulidwa mayuro 810,000.

Ine ndinaima kunja, pamsika, m'chisanu, ndikuonerera pa sikirini yaikulu pamodzi ndi khamu la anthu, fungo la nkhono ndi soseji lili ponseponse. Nkhope za alimi amene ndinaima nawo ndinazizindikira. N'zomwe zija mumaona ku Kanengo belo loyamba la fodya likamagulidwa, chifukwa mitengo ya tsikuli imapereka chithunzi cha mmene msika uyendere. Lolemba masana zonse zimathera ku Paulée de Meursault, imene Jules Lafon anaiyambitsa mu 1923. Anthu mazana angapo amakhala pansi masana n'kudzuka kutada, ndipo aliyense amabwera ndi mabotolo ake n'kumazungulira matebulo akuthirira anzake. Kumeneko sindinalowe. Mipando yake amalembetsa kudakali chaka.

Ndalama zimenezi zili ndi mthunzi wake. Munda wa Romanée-Conti ndi mahekitala 1.8 okha, koma mu 2018 botolo lake limodzi la mu 1945 linagulidwa madola 558,000 ku New York. Mitengo ikakwera chonchi nthaka nayo imakwera, ndipo mwana wolandira munda wa bambo ake amayenera kulipira msonkho wowerengedwa pa mtengo umene iye sanaugwirepo m'manja. Ena amagulitsa. Clos des Lambrays inapita ku kampani ya LVMH mu 2014, Clos de Tart kwa banja la Pinault mu 2017. Mwini munda wathu ankakamba zimenezi motsitsa mawu, ngati za maliro a m'mudzi woyandikana.

Nyengo nayo yasintha makhalidwe. Ku Beaune kuli zolembedwa za masiku oyambira kukolola kuchokera mu 1354, ndipo zikuonetsa kuti kuyambira 1988 kukolola kwafulumira ndi masiku pafupifupi 13. Zaka zina tsopano amayamba mu Ogasiti. Kufunda kofulumira kumaphukitsa mipesa msanga, kenako chisanu cha Epulo n'kupeza timasamba tanthete. Mu Epulo 2021 anzanga ananditumizira zithunzi za chitunda chonse chikuyaka usiku, zitini za makandulo zikwizikwi zitandanda m'mizere, alimi osagona. Ambiri anatayabe gawo lalikulu la zokolola. Si koyamba kuona zakuda. Cha m'ma 1878 kachilombo ka phylloxera kochokera ku America kanafika n'kudya mizu ya mipesa yonse, ndipo anapulumukira kumezanitsa mipesa yawo pa mizu ya ku America komweko, monga timachitira ndi mango. Pafupifupi mpesa uliwonse umene ndinathyola unali ndi chipsera cha kumezanitsako cha m'munsi.

Chikondwerero chimene ndimachikumbuka kwambiri n'cha m'nyengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Pa 22 Januwale ndi tsiku la Vincent Woyera, dikoni wa ku Zaragoza amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro mu 304, ndipo ndiye nkhoswe ya alimi a mphesa. Kuyambira 1938, pamene mudzi wa Chambolle-Musigny unayamba, pali Saint-Vincent Tournante, chikondwerero chosinthana midzi chaka ndi chaka kumapeto kwa Januwale. Mudzi umene walandira umakhala miyezi ukupinda maluwa a mapepala, n'kuwamangirira m'mitengo youma mpaka msewu kuoneka ngati dzinja lafika. Kusanache, magulu a midzi makumi angapo amayenda pa mdipiti, lililonse litasenza chifanizo chake cha mtengo cha woyerayo pa machira, mbendera patsogolo. Amaima pa chipilala cha asilikali a nkhondo, amapita ku Misa, amalemekeza alimi okalamba a m'mudzimo. Mlendo amagula tambula ndi matikiti n'kumalawa m'makomo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Alendo amajambula zifanizozo osadziwa kuti kumbuyo kwa chilichonse kuli gulu lothandizana. Membala akadwala, akavulala kapena akamwalira n'kusiya mkazi ndi ana, anzake amapita kukamugwirira ntchito ya m'munda. Ndi dima, kungoti mowa wake ndi wa mphesa. M'midzi yambiri chifanizo chimagona chaka chathunthu kunyumba ya banja limodzi, kenako n'kupita kwa lina, ndipo wolandira amatsegula migolo.

Chaka chimene ndinali kumeneko, bambo wina wa m'mudzi mwathu anagwa pa makwerero n'kuthyoka mwendo, mipesa yake isanadulidwe. Loweruka lotsatira chikondwerero, mwini munda wathu anandiimbira kuti ngati ndilibe kalasi ndikwere sitima ya m'mawa. Tinakumana anthu khumi ndi anayi. Kudulira mpesa n'kwa odziwa, chifukwa nthambi imene wasiya ndi imene idzabereke, choncho ine anandipatsa ntchito ya mwana: kusolola nthambi zodulidwa pa waya n'kuziponya mu wilibala yopangidwa ndi mgolo wachitsulo wong'ambidwa pakati, moto ukuyaka m'katimo. Umaikankha mzere ndi mzere, utsi uli m'maso, zala zikusinthana pakati pa kuuma ndi kupsa. Chitunda chonse chinali ndi timizere ta utsi wotero.

Wovulalayo anabwera cha m'ma 10 koloko, mkazi wake akuyendetsa. Sanatsike. Anatsegula chitseko, mwendo wa pulasitala uli tantha pampando, n'kumaloza ndi ndodo kuti mzere wa kumapeto, wa mipesa yokalamba imene anadzala agogo ake, asaudule kwambiri. Gogo uja anamuyankha kuti ankadulira mipesa imeneyo iye asanabadwe. Mkazi wake anatsegula kumbuyo kwa galimoto, munali gougères zotentha m'thaulo ndi mabotolo atatu opanda chikalata. Ndinafunsa kuti ndi vinyo wanji. Bamboyo sanatchule mphesa kapena chaka, anangotukula ndodo n'kuloza pamene ndinaima.